Ana anayi m'midzi itatu: kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira zaumoyo

Olemekezeka akuluakulu,

Landirani moni wochokera kuno kunyanja. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo anzanga a m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi anandipatsa ulembi poona kuti ndimadziwa kusunga kope osalinyowetsa. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ife kuno tamva m'mimba, n'chifukwa chake ndalemba. Ndalembera poyera kuti ngati kuli midzi ina yomwe ikuona zomwe tikuonazi, nayonso imve.

M'zaka zitatu zokha, ana anayi a m'midzi itatu yoyandikana apezeka ndi khansa. Midzi imeneyi imatunga pa mijigo iwiri, ana ake amaphunzira pasukulu imodzi, ndipo maliro akagwa timakumba manda pamodzi. Mayina sinditchula, makolo awo avutika mokwanira.

Woyamba anali mnyamata wa zaka 6. Zinayamba ngati dzino. Tsaya linatupa, mano n'kuyamba kugwedera, ndipo kuchipatala chaching'ono anampatsa mankhwala a dzino kawiri konse. Pomwe kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu imalembedwa n'kuti patapita milungu isanu, nkhope itapotoka, ngakhale phala likumukanika kumeza. Tinamuika m'dzinja, mvula ikugwa. Wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 8 yemwe chotupa chake chinali m'mimba. Madokotala anati ndi matenda omwewo a mnyamata uja, koma popeza iye anafika msanga, lero ali kusukulu ndipo amasewera fulaye ngati sanadwalepo. Wachitatu, mwana wa zaka 3, anamupeza ndi chotupa cha impso. Mayi ake anabwerera naye kumudzi mankhwala asanathe, chifukwa munda unali utalowa tchire ndipo ana ena anali okha pakhomo. Wachinayi ndi kamtsikana ka chaka chimodzi ndi theka, komwe diso lake linayamba kuwala zoyera ngati la mphaka usiku. Nkhani ya kameneka ndiifotokoza payokha.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti palibe khomo loti tigogodepo. Mwana wachitatu atapezeka ndi matendawa, komiti yathu inalemba kalata, amfumu n'kudindapo, ndipo ine ndinakwera kabaza kukaipereka. Amene anailandira anatilandira bwino ndithu, koma yankho lake linali lakuti khansa si kolera, sipatsirana, choncho palibe chomwe angachite. Kunena zoona sananame. Koma taonani kusiyana kwake: anthu atatu akatsegula m'mimba m'mudzi umodzi, dzuwa lisanalowe galimoto imafika ndi kulorini, mayina amalembedwa, lipoti n'kupita kumtunda. Ndipo n'zoyenera kutero. Ana anayi akadwala khansa, palibe fomu, palibe munthu amene ntchito yake ndi kumva nkhani yotere, palibe ngakhale woti abwere adzangoti tamva.

Kuli zii choncho, mudzi sukhala chete, umadzipezera wokha mayankho. Ena akuti ndi mjigo wa kumunsi, ndipo amayi asiya kutungako, abwerera kunyanja komwe kuli likodzo. Ena akuti ndi mankhwala opopera mbewu, ena akuloza nsanja ya foni. Koma ambiri akuloza gogo wina wamasiye, yemwe mlandu wake ndi wakuti amayankhula yekha poyenda. Nyumba yake yagendedwa kale kawiri. Akuluakulu, simunaiwale zomwe zinachitika ku Neno mu 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la 1911 loletsa kunenera munthu ufiti lilipo, koma lamulo silichotsa funso mumtima mwa mayi amene waika mwana. Funsolo limachoka pokhapokha wodziwa atabwera n'kuliyankha.

Ndisamveke molakwa. Sindikunena kuti madzi athu ali ndi poizoni. Ndaphunzitsa masamu zaka zambiri ndipo ndikudziwa kuti zinthu zimatha kuunjikana popanda woziunjika. Aliyense amene anafesapo mpunga akudziwa kuti ngakhale dzanja lifese bwino chotani, pena mbewu zimagwa mothinana, pena padera. Matenda osowa nawo amatero. M'dziko la midzi masauzande ambiri, payenera kupezeka midzi ina yomwe ana odwala khansa achulukirapo mwangozi chabe. Ndiponso ana athu anayiwa sanadwale nthenda imodzi: pali mitundu itatu ya khansa, ndipo akatswiri amati chinthu chimodzi chikamadwalitsa anthu, kawirikawiri chimabweretsa mtundu umodzi. Zonsezi ndikuzivomera. Koma mawu amenewa akachoka pakamwa panga ndi maganizo a aphunzitsi basi. Akachoka pakamwa pa munthu amene wawerenga ana onse a m'deralo, waona mabuku akuchipatala, watunga madzi n'kukawayeza, amakhala yankho.

Kunja nkhani zotere amaziyendetsa bwanji? Mumzinda wa Woburn ku Massachusetts, m'dziko la America, mayi wina yemwe mwana wake ankadwala khansa ya m'magazi ndi amene anayamba kuona kuti anzake omwe amakumana nawo pamzere kuchipatala ndi a m'dera lake lomwe. Poyamba anthu ankamuona ngati wosokonezeka ndi chisoni. Mu 1979 zitsime ziwiri za mzindawo zinatsekedwa zitapezeka ndi mankhwala a m'mafakitale, ndipo atawerenga bwino anapeza ana 12 odwala matendawa m'zaka za 1969 mpaka 1979, pomwe pachiwerengero cha anthu a kumeneko pakanayenera kupezeka ana asanu kapena kuposerapo pang'ono. Mayi uja sanalakwe kufunsa. Koma ku Fallon, m'chigawo cha Nevada, komwe ana 16 anapezeka ndi khansa ya m'magazi pakati pa 1997 ndi 2002, akatswiri anayeza madzi, dothi, fumbi la m'nyumba, magazi ndi mikodzo, osapeza chomwe chinayambitsa. Kafukufuku wambiri wa mtunduwu amathera pomwepo, ndipo ine ndikulemba ndikudziwa zimenezo. Chomwe ndikusirira n'chakuti m'malo onse awiriwa makolo anamvedwa, ana anawerengedwa, ndipo zotsatira zinanenedwa pamaso pa anthu.

Ku Britain nako, mu 1983, wailesi yakanema itaulutsa za kuchuluka kwa ana odwala khansa ya m'magazi m'mudzi wa Seascale, pafupi ndi fakitale ya nyukiliya ya Sellafield, boma linakhazikitsa gulu lofufuza lomwe linatulutsa lipoti chaka chotsatira. Iwo anali ndi poyambira chifukwa mabuku a odwala a zaka zam'mbuyo analipo. Ife tili ndi mgodi wa uranium ku Kayelekera m'boma la Karonga, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2009, ndipo migodi ina ikubwera. Sindikuneneza aliyense. Ndikungoti tsiku lina mphekesera ikadzabuka pafupi ndi mgodi uliwonse, pakadzasowa chiwerengero cha kale choyerekezera, sipadzakhala wotha kutsutsa ngakhale wotha kutsimikiza. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Dandaulo lachiwiri ndi la kawerengedwe. Apa mundilole ndichedwepo pang'ono, chifukwa chomwe ndikupemphachi chinachitikapo kale pa nthaka yathu ino.

Nthenda yomwe inatenga mnyamata wathu uja imatchedwa Burkitt lymphoma, potengera dzina la Denis Burkitt, dokotala wochita maopaleshoni yemwe ankagwira ntchito ku Kampala ndipo analemba za matendawa mu 1958. Iye ataona ana otupa nsagwada sanangoti n'zachisoni. Anatumiza timapepala tokhala ndi zithunzi kuzipatala zambiri za mu Africa kufunsa ngati anaonapo zotere, mayankho akabwera n'kumabaya mapini pamapu. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale n'kuyenda milungu 10, mtunda wa mamailosi pafupifupi 10,000, kulowa m'zipatala zoposa 50, ndipo Nyasaland inali panjira yawo. Anapeza kuti matendawa amakonda malo otsika, otentha ndi achinyezi, ndipo kumapiri kozizira n'ngosowa. Mapu amenewo atawaika pambali pa mapu a malungo, zinagwirizana. Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'zotupa zomwezo, komwe lero kamatchedwa Epstein-Barr. Kachilomboka pafupifupi tonsefe tinakatenga tili ana ndipo sikatichita kanthu, koma kakakumana ndi malungo obwerezabwereza m'thupi la mwana, mwa ana ochepa chabe pamabuka chotupa.

Ndiye taonani. Ana awiri mwa anayi athu anadwala nthenda yomwe njira yake inadziwika zaka zoposa 60 zapitazo, ndipo njirayo imadzera ku udzudzu wa kunyanja kuno, osati kwa gogo uja. Palibe amene anauzapo mudzi zimenezi. Ndipo chotupa chimenechi chimakula msanga kuposa zotupa zina zonse za munthu, chimatha kuwirikiza m'tsiku limodzi kapena awiri, komanso chimamva mankhwala kwambiri chikapezeka msanga. Milungu isanu ya mankhwala a dzino ija ndi yomwe inasiyanitsa mnyamata amene tinaika ndi mtsikana amene akusewera fulaye.

Ngati anthu atatu a m'galimoto yakale anakwanitsa kujambula mapu otere, ife a mafoni m'manja tikulephera pati? Kaundula wa khansa alipo ku Blantyre kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo amene amamusunga ndi oyenera kuthokozedwa. Koma kaundula amaona okhawo amene afika pachipatala n'kupimidwa. Mwana amene wafera kwa sing'anga, kapena wafera pakhomo makolo akusakasaka ya thiransipoti, salowamo. Ngakhale amene wafika, papepala nthawi zambiri pamangolembedwa boma lomwe wachokera, mwina ndi mfumu yaikulu. Ana anayi a m'midzi itatu akamwazikana m'mapepala otere, palibe amene angaone kuti ndi oyandikana. Ife tinaona chifukwa timakumana pamaliro.

Tsopano ndibwere pa kamtsikana ka diso kaja, pomwe pali dandaulo langa lachitatu, lomwe limandisowetsa tulo kuposa enawo.

Bambo ake a mwanayu ndinawaphunzitsa ndine. Chiyambire sukulu anali ndi diso limodzi, ndipo tonse tinkadziwa kuti linalo analichotsa kuchipatala ali khanda. Ena ankati linalaswa ndi kamtengo, ena ankati ng'ala. Makolo awo anamwalira kale, pepala lililonse linatayika. Mwana wawo atapezeka ndi khansa ya m'diso, yomwe madokotala amati retinoblastoma, palibe amene anawayang'ana kumaso bambowa n'kuwafunsa kuti diso lanulo linatani. Iwo sanapite n'komwe kuchipatala chachikulu, gadiyani anali mayi, ndipo mayiwo sanafunsidwe za amuna awo.

Chonsecho khansa imeneyi ndi imodzi mwa zodziwika bwino kuti zimayenda kumtundu. Mwa ana 10 alionse oidwala, pafupifupi anayi amakhala ndi mtundu wotengera mwachibadwa, ndipo ikagwira maso onse awiri ndiye kuti ndi yotero basi. Kholo lomwe lili nacho chibadwachi, pa mimba iliyonse zimakhala ngati kuponya ndalama m'mwamba: mwana akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka. Koma ubwino wake ndi wakuti banja likadziwika, khanda limayezedwa maso kuyambira m'milungu yoyamba, mobwerezabwereza, ndipo chotupa chikagwidwa chikadali kadontho moyo umapulumuka, nthawi zambiri ndi diso lomwe. M'mayiko olemera ana oposa 9 mwa 10 alionse odwala nthendayi amachira. Kwathu kuno ambiri amafika diso litatuluka kale panja.

Mayi a kamtsikana kaja ndi oyembekezera. Palibe amene wawauza kuti khanda likubweralo liyenera kukaonedwa maso.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa ana 10 odwala khansa, pafupifupi mmodzi amakhala kuti anabadwa ndi chiopsezo chotengera. Ndi ochepa, ndipo zimenezi n'zofunika kuzinena mokweza kuti mabanja enawo apume: Burkitt si yakumtundu, ndipo chotupa cha impso nacho kawirikawiri sichitero. Koma ochepawo amapezeka pofunsa ndi polemba, osati ndi makina okha. Mu 1969 madokotala awiri a ku America, Frederick Li ndi Joseph Fraumeni, anatulukira mabanja omwe khansa imagwira ana ndi amayi awo akadali achichepere, ndipo anawapeza powerenga mafayilo akale a ana odwala n'kumafunsa za achibale awo. Chibadwa chomwe chimachititsa chinadzadziwika patapita zaka zoposa 20. Funso linatsogola, makina anabwera pambuyo. Funso ife tingalikwanitse lero lomwe.

Pali vuto lina lomwe mwina kumaofesi silioneka, vuto la mawu. Pa wailesi ndi m'mabuku ena, tinthu ta m'thupi tomwe mwana amatengera kwa makolo akutitcha majini. Kuno kunyanja majini ndi ziwanda. Namwino akauza mayi kuti vuto la mwana wanu lili m'majini, mawa lake mayiyo alawirira kwa sing'anga, ndipo sitingamunene, wachita zomwe wamva. Akanena kuti ndi za m'magazi, anthu amva zina, banja n'kuyamba kukayikirana. Akanena kuti n'zakumtundu, lomwe ndi liwu loona, funso lotsatira ndi lakuti mtundu wa ndani, ndipo tikudziwa kuti chala chimathamangira kwa mkazi. Ndaonapo ukwati ukutha pa nkhani ya mwana wachialubino, akuchimuna akuti kwathu kulibe zimenezi. Choncho sikokwanira kungouza banja. Pafunika munthu wophunzitsidwa kauzidwe kake, woti akhale pansi ndi bambo ndi mayi pamodzi, ankhoswe ali pomwepo ngati banjalo lafuna, n'kufotokoza kuti palibe amene anasankha chibadwa chake ndipo palibe amene walodza mnzake.

Sindikuiwala zabwino zomwe zilipo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli mawodi a ana odwala khansa, ndipo mtsikana wathu wa fulaye uja ndi umboni wa ntchito ya anthu a m'mawodi otere. Mu 2018 bungwe la WHO linaika cholinga choti pofika 2030 ana 60 mwa 100 alionse odwala khansa azichira padziko lonse, ndipo mwa mitundu isanu ndi umodzi yomwe linasankha kuyambira, itatu ndi yomweyi ya ana athu: Burkitt, chotupa cha impso cha Wilms, ndi khansa ya m'diso. Koma 60 mwa 100 amafuna kuti 100 yo idziwike kaye.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Pakhale munthu mmodzi wodziwika m'boma lililonse wolandira madandaulo a mudzi womwe ukuona kuti ana odwala khansa achuluka, ndipo pakhale nthawi yoikika yoti ayankhe molemba. Amfumu ndi makomiti a zaumoyo auzidwe kuti munthuyo ndani.

2. Dandaulo likafika, pabwere wodzatsimikiza: ana angati, khansa ya mtundu wanji, anadwala liti, amakhala kuti, ndipo chiwerengerocho chikusiyana bwanji ndi cha madera ena. Pomwe pakuoneka chifukwa, madzi ayezedwe. Zotsatira zidzanenedwe pabwalo la amfumu m'chinenero chathu, ngakhale zitakhala zoti sitinapeze kanthu. Yankho limenelo tililandira, ndipo likhoza kupulumutsa gogo uja.

3. Mwana aliyense wopezeka ndi khansa alembedwe ndi mudzi wake ndi gulupu wake, ndipo alangizi a zaumoyo apatsidwe polemba ana amene amwalira pakhomo ndi chotupa osafika kuchipatala. M'madera a migodi kuwerengaku kuyambe tsopano.

4. Ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono aphunzitsidwe kuti tsaya lotupa msanga ndi mano ogwedera, mimba yokula yolimba, ndi diso lowala zoyera ndi zotumiza tsiku lomwelo. Kusikelo, pomwe amayi amabwera kale mwezi ndi mwezi, maso a khanda aziunikidwa.

5. M'buku lakuchipatala la mwana wodwala khansa mukhale malo a mafunso a kumtundu, akuchimuna ndi akuchikazi omwe: kodi alipo anachotsedwa diso ali mwana, alipo anadwala khansa ali wamng'ono? Pomwe yankho ndi inde, abale ake a mwanayo aitanidwe kudzayezedwa, thiransipoti ilipiridwe.

6. Akatswiri a zaumoyo akhale pansi ndi akatswiri a Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi zinenero zina, agwirizane mawu ofotokozera matenda otengera omwe sangatumize mayi kwa sing'anga kapena kuthetsa ukwati wake.

7. Mabanja omwe abwerera kumudzi mankhwala asanathe azitsatiridwa. Mwana wa impso uja ali pakhomo pano, ndipo mayi ake akuti atapeza ya basi ndi wowalimira abwerera mawa lomwe.

Kope langa lili ndi zonse: miyezi yomwe mwana aliyense anayamba kudwala, mjigo womwe banja lake limatunga, maulendo omwe anayenda asanatumizidwe kuchipatala chachikulu. Makolo onse avomera kuti wobwera m'dzina lanu ndidzamuonetse. Amfumu akuti bwalo alipereka tsiku lililonse lomwe munganene, kupatula la msika. Koma ngati zonsezi zitenge nthawi, chonde yambani ndi chimodzi: mayi oyembekezera aja atsala ndi miyezi iwiri, ndipo tikufuna kudziwa kuti khandalo tikalionetse kwa ndani.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
mlembi wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kunyanja